Nyali ya oyilo ikamaphethira pa Peugeot 504 yakale

Achimwene, mwati nyali yofiira ya oyilo imaphethira mukamakwera msewu wa Ku Chawe, ndipo injini imagogoda ikatentha. Nyaliyo ikayaka, zimitsani pomwepo. Musati mufike kaye kunyumba, chifukwa injini youma imawonongeka m'mphindi zochepa.

Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, dikirani pang'ono, solorani dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo kaja. Oyilo akhale pakati pa mizere iwiri ija. Mupakeni pachala. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi, mwina gasiketi yotseka pakati pa mutu ndi thupi la injini yapsa. Akanunkha petulo, wasungunuka, mwina kabuleta ikuthira petulo mopyola.

Zikakhala bwino, musafulumire kunena kuti vuto ndi pampu ya oyilo. Kaswichi ka nyaliyo kamanama kawirikawiri. Kachotseni, mumange geji yoyezera presha (mphamvu ya oyilo) pamalo pake, muyeze injini itatentha. Amakaniko amayembekezera pafupifupi 10 psi (muyeso wa presha) pa 1,000 rpm iliyonse (rpm ndi kuzungulira kwa injini pa mphindi). Geji ikaonetsa bwino, gulani kaswichi kena basi.

Mphamvu ya oyilo ikakhala yochepa, sinthani fyuluta ndi oyilo, muthire 20W-50, amene injini zakalezi zimamufuna. Kenako tsegulani chivundikiro cha pamwamba, mulize injini pang'onopang'ono, muone ngati oyilo akufika pa marokala, tizitsulo tokankha mavalavu. Pakauma, tsitsani sampu, chibeseni cha oyilo cha pansi pa injini. Apa ndi pamene ine ndimapeza vuto nthawi zambiri: kasefa ka pampu katamatidwa ndi matope akuda ngati phula. Katsukeni ndi parafini, muonenso valavu ya presha ngati sinakakamire.

Mphamvu ikamatsikabe injini ikatentha, mabeyaring'i a kirankishafuti atha. Pamenepo injini iyenera kutsika.