Mukafuna kukapemphera kwa a Mennonite ku Germany, yambani mwadziwa izi

Abale amene mwafika ku Germany kuno, kaya ndi sukulu kaya ndi ntchito, mwina mwaonapo chikwangwani cholembedwa kuti Mennonitengemeinde kufupi ndi komwe mukukhala nkumadzifunsa kuti kodi amenewa ndi ndani, ndingalowe? Lowani ndithu, ndi anthu olandira alendo, koma musanapite fufuzani kaye kuti mpingowo ndi wa mbali iti chifukwa dzina ndi limodzi koma kachitidwe kake kamasiyana kutalitali.

Pali a Mennonite akalekale omwe makolo awo sanachoke m'dziko muno, monga a ku Krefeld, Hamburg, Emden komanso m'midzi ya ku Pfalz ngati Weierhof komwe anakhazikika mu 1682. Ambiri mwa awa ali m'gulu la mgwirizano wa mipingo ya Mennonite ku Germany lomwe amalitchula mwachidule kuti AMG, mipingo yake ndi ing'onoing'ono, azimayi amalalikira, zovala ndi zawamba basi. Ndiye pali ena omwe makolo awo anasamukira ku Russia kuyambira nthawi ya Mfumukazi Catherine, anayamba ndi Chortitza mu 1789 kenako Molotschna mu 1804, dera lomwe pano ndi Ukraine, ndiye nthawi ya Stalin anawabalalitsira ku Siberia ndi ku Kazakhstan, zidzukulu zawo nkudzabwerera ku Germany kuyambira zaka za m'ma 1970 makamaka boma la Soviet litagwa. Awa mukawapeza ambiri ku Bielefeld, Detmold, Espelkamp ndi Neuwied, matchalitchi awo amadzaza mpaka kukhomo, ana mbwee. Njira yachangu yodziwira, tsegulani tsamba lawo pa intaneti muone zithunzi, ndipo mukaona mawu oti Brüdergemeinde kapena nyumba yopemphereramo akuitchula kuti Bethaus, nthawi zambiri ndi a mbali yachiwiriyi.

Ngati ndi amenewo, amayi valani siketi yaitali kapena diresi ndipo ikani kampango m'chikwama, chifukwa m'mipingo ina azimayi apabanja amafunda kumutu popemphera, duku lanu lakumudzi lija likwanira bwinobwino. Abambo shati ndi thalauza basi. Fikani kudakali mphindi khumi kapena kuposa, akati 10 koloko ndi 10 koloko yeniyeni, ndipo musathamangire kukhala, imani pang'ono kumbuyo muone ngati azibambo akukhala mbali yawo azimayinso yawo, kwina amaterobe. Pakhomo perekani moni wa m'manja, munthu wamkulu mutchuleni kuti Sie mpaka iye mwini atakuuzani kuti muzimuti du.

M'katimo simupezamo mafano kapena guwa lokongoletsa, ndi mabenchi, gome lolalikirapo, mwina vesi lolembedwa pakhoma. Kwa a ku Russia aja pamatha kulalikira abale awiri kapena atatu motsatizana, ambiri si abusa olembedwa ntchito ayi, ndi anthu oti Lolemba muwapeza ali pa ntchito ya ukalipentala kapena mu ofesi, ndipo popemphera ena amagwada ena amaimirira, inu tsatirani omwe mwayandikana nawo. Chimene chimandigwira mtima ine ndi nyimbo, mpingo wonse kuimba mawu anayi, agogo aamuna kumbuyo uku akukoka besi osayang'ana n'komwe m'buku, ngakhale chijeremani chanu chikhale chopelewera mumva kuti anthuwa nyimbozi anakula nazo.

Pa za Mgonero, funsani kaye wamkulu wa mpingo mapemphero asanayambe, kwina amalola Mkhristu aliyense kwina ndi okhawo obatizidwa atakula. Nkhani ya ubatizoyi musaitenge mopepuka chonde, ndi pomwe pagona mbiri yawo yonse. Pa 21 January 1525 ku Zürich, Conrad Grebel anabatiza George Blaurock, munthu wamkulu yemwe anabatizidwapo kale ali khanda, ndipo pasanathe zaka ziwiri mnzawo Felix Manz anamizidwa mu mtsinje wa Limmat, Michael Sattler anamuotcha ku Rottenburg mu 1527, kenako mu 1529 msonkhano wa ku Speyer unagamula kuti obatizanso aziphedwa. Ndiye inu amene munabatizidwa muli akhanda ku CCAP kapena ku Katolika, mukafuna kulowa mpingo dziwiranitu kuti ambiri a AMG amakulandirani mukangovomereza chikhulupiriro pamaso pa mpingo, pomwe a Brüdergemeinde adzafuna mubatizidwe pomizidwa m'madzi. Ndipo pocheza musawatchule kuti Wiedertäufer, kutanthauza obatizanso, limenelo ndi dzina lomwe anawapatsa adani awo, iwo amati Täufer, kutanthauza obatiza. Musawasokonezenso ndi a Amish a ngolo za akavalo aja a ku America, ndi pachibale inde koma awa amayendetsa galimoto ndipo foni ali nazo.

Chopereka tengani ndalama ya m'manja, iyi ndi mipingo yodzidalira, msonkho wa tchalitchi womwe boma limadula pa malipiro a Akatolika ndi a Evangelisch uja kwa iwo kulibe. Mukatuluka musathawe, khalani pa khofi, ndipo banja lina likakuitanani kunyumba pitani chifukwa kumeneko ndi komwe mungawadziwe. Kwa a ku Russia aja muyembekezere supu wa kabichi wotchedwa Borscht, timitanda taufa tophika toikamo zina m'kati totchedwa Wareniki, ndi timabanzi tiwiri tosanjikizana totchedwa Tweeback, ndipo mukamva agogo akuyankhula chinenero chomwe simunachiphunzire m'kalasi, chimenecho ndi Plautdietsch.

Amene muli ndi mpata Loweruka kwerani sitima mupite ku Münster mukayang'ane pamwamba pa nsanja ya tchalitchi cha St. Lamberti, zikwere zitatu zachitsulo zikadali lende mpaka lero, m'menemo anaikamo mitembo ya Jan van Leiden ndi anzake awiri mu 1536 gulu lawo la a Täufer litalanda mzindawo ndi zida. Chaka chomwecho wansembe Menno Simons, yemwe dzina loti Mennonite linachokera kwa iye, anachoka mu Katolika nkuyamba kusonkhanitsa otsala powaphunzitsa kuti wotsatira Yesu sagwira lupanga, n'chifukwa chake nkhani ya mtendere ndi kukana kulumbira muzidzaimva pafupipafupi pa gome paja. Kanyumba komukumbukira, Menno-Kate, kali kufupi ndi Bad Oldesloe kumpoto kwa Hamburg, dera lomwe anamwalirira mu 1561, koma fufuzani kaye masiku omwe amatsegula musanagule tikiti.