Mukamaphunzira za Chibuda, yambani ndi mapu

Ngati mwayamba kuwerenga za chipembedzo cha Chibuda, kaya pokonzekera mayeso kaya mwa chidwi chabe, musathamangire ziphunzitso zake. Tengani kaye mapu a Asia ndi pensulo, mujambule njira ziwiri zochokera ku India.

Yoyamba ikulowera kummwera. M'zaka za m'ma 200 Khristu asanabadwe, m'nthawi ya mfumu Ashoka, chipembedzochi chinafika ku Sri Lanka. Mbiri ya kumeneko imati anapita nacho ndi Mahinda, mwana wa mfumuyo. Imeneyi ndi Theravada, ya malemba a m'chinenero cha Pali, yomwe inadzazikanso mizu ku Myanmar, Thailand, Laos ndi Cambodia. Yachiwiri inadzera kumpoto, m'njira za amalonda a silika, n'kufika ku China, ku Korea mu 372 Khristu atabadwa, ndi ku Japan m'zaka za m'ma 500. Iyo ndi Mahayana. A ku Tibet anachilandira mochedwerapo, m'ma 600.

Ndiye buku lililonse lomwe mwatola, dzifunseni kuti likunena za njira iti. Amonke a ku Thailand sadya dzuwa likapendeka, koma nyama yomwe apatsidwa amalandira. Anzawo ambiri a ku China nyama sayikhudza n'komwe, pomwe ansembe ambiri a ku Japan amakwatira n'kubereka ana. Mukawaphatikiza onsewa, mudzangoti mabuku akunama, chonsecho aliyense akulongosola za kwawo.

Chenjeraninso ndi zaka. Kalendala ya ku Thailand ili patsogolo ndi zaka 543, choncho mukaona 2568, chotseranipo 543 mupeze 2025.