Momwe mungapezere chilolezo chomangira nyumba mumzinda wa Blantyre

Ambiri mu Blantyre muno timayamba chonchi: tagula puloti, tathiritsa mchenga ndi kwale, tapangana ndi mmisiri, za kukhonsolo n'kumati tidzaziona nyumba ikafika pawindo. Pofika pamenepo ndalama zambiri zimakhala zitakwiririka kale m'nthaka, ndipo ngati maziko alowa m'malo a msewu kapena akhala pamwamba pa paipi ya madzi, palibe chidindo chimene chingawasunthe. Lamulo la Physical Planning Act la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act la 1988, limafuna kuti chilolezo chipezeke musanakumbe. Sikuti ndi nyumba yatsopano yokha ayi. Kuwonjezera zipinda, kumanga mpanda wa njerwa, kugawa puloti pawiri, kusandutsa nyumba yogona kukhala loji, sukulu kapena tchalitchi, zonsezi n'zofuna chilolezo.

Yambani ndi nthaka, pulani ibwere pambuyo

Apa m'pamene ambiri amagwera, choncho musathamange. Malo a mumzinda uno ali m'manja osiyanasiyana. Ena ndi a boma kudzera ku unduna wa za malo. Ena ndi a Malawi Housing Corporation, monga madera ambiri a ku Nkolokosa, Chinyonga ndi Kanjedza. Ena amayang'aniridwa ndi khonsolo ya mzinda, makamaka mapuloti a ku Ndirande, Chilomoni, Bangwe, Zingwangwa ndi Machinjiri. Palinso malo a anthu ndi makampani omwe ali ndi zikalata zawozawo. Dziwani kuti puloti yanu ili pansi pa yani, chifukwa mwini nthakayo ndi amene amatsimikiza kuti malowo ndi anu, ndipo kawirikawiri amayenera kuona mapulani anu asanapite kukomiti yoona za mapulani.

Muzikhala ndi chikalata cha umwini kapena cha liizi, apo ayi kalata yokupatsani malo, ndipo dzina lolembedwapo likhale lanu. Ngati munagula kwa munthu, malizitsani kaye kusintha umwini. Kalata ya amfumu ndi siginecha za mboni ndi umboni woti munapereka ndalama, koma pazokha sizikupangitsani kukhala mwini puloti pamaso pa khonsolo. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi owawa kwa amene anagula malo mwanjira imeneyi, komabe ndi bwino kuwamva simenti isanagulidwe. Onaninso ngati puloti ilibe ngongole ya msonkho wa khonsolo kapena lendi ya nthaka, chifukwa ngongole ya mwini wakale ikhoza kuimitsa fayilo yanu.

Kenako pitani pamalopo ndi saveya mukafufuze mabikoni. Musadalire mtengo wa mango umene wogulitsa analoza, kapena mzere wa nkhadze umene anabzala oyandikana nawo. Bikoni ndi kachitsulo kozikidwa mu konkire pangodya ya puloti, nthawi zambiri kamakhala katakwiririka m'dothi kapena m'udzu. Ngati kanazulidwa, saveya wovomerezeka akabwezeretse.

Amene malo awo ali kunja kwa malire a mzinda, monga ku Lunzu kapena ku Chileka, nkhani yawo imayambira kukhonsolo ya boma la Blantyre, osati ya mzinda.

Kafunseni zimene malowo amalola

Tengani nambala ya puloti ndi mapu ake, mupite ku nthambi yoona za mapulani a mzinda ku Civic Centre, ku Chichiri. Safunsa anadya phula. Funsani ngati deralo ndi la nyumba zogona, malonda kapena mafakitale. Ngati mungamange nyumba yosanja. Mpata umene muyenera kusiya kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo. Ndiponso ngati pamalopo padutsa nthambo zikuluzikulu za ESCOM, mapaipi a Blantyre Water Board, paipi ya suweji kapena msewu umene sunalambulidwe koma uli pa mapu.

Funso lalikulu kuposa onse ndi la madzi ndi mtsetse. Mzinda wathu wakhala pakati pa mapiri, Soche, Ndirande, Michiru, Mpingwe ndi Bangwe, ndipo mitsinje ngati Mudi, Naperi, Nasolo ndi Likhubula imadutsa pakati pa nyumba za anthu. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche, n'kukwirira mabanja ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Akakuuzani kuti m'mphepete mwa mtsinje kapena pamtsetse wa phiri n'zosaloledwa kumanga, musakafune munthu woti akudutsitsireni fayilo mwamseri. M'nyumbamo mudzagona ana anu.

Pezani wojambula mapulani wovomerezeka

Wojambula akhale wolembetsedwa ku bungwe la Board of Architects and Quantity Surveyors, kapena wogwira ntchito pansi pa katswiri wolembetsedwa. Pulani yokopa kwa mnzanu kapena yotsitsa pa intaneti sidziwa kumene puloti yanu yapendekera. Pamafunika mapu osonyeza pamene malowo ali, pulani ya puloti yonse, pulani ya zipinda, maonekedwe a nyumba mbali zonse, kamangidwe ka maziko ndi denga, ndi njira ya madzi oipa. Nyumba yosanja, khoma lotchinga dothi kapena denga lotambalala ngati la holo zimafunanso zojambula ndi mawerengero a injiniya wolembetsedwa.

Pepala limene eni nyumba saliyang'ana kwenikweni ndi la pulani ya puloti, chonsecho ndi limene limabweza mafayilo ambiri. Khalani pansi ndi wojambula wanu, mulondole ndi chala. Geti lili pati, ndipo galimoto ikamatuluka ikuona msewu? Sepitiki thanki ili pamalo oti galimoto yopopa ingafikepo, kapena yabisika kuseri kwa boyizikota komwe paipi singafike? Madzi a padenga ndi a pabwalo akutsikira mu ngalande ya msewu, kapena akukathera pakhomo la a kumunsi kwanu? Milandu yambiri ya anthu oyandikana kuno imayamba mvula yoyamba ikagwa. Ngati mukulingalira zodzamanga kanyumba ka lendi kumbuyo, kaikeni pa pulani panopa.

Perekani fayilo, lipirani, sungani lisiti

Lembani mafomu ofunsira chilolezo, muphatikize makope a mapulani monga momwe angakuuzireni ndi zikalata za malo. Pali ndalama yolipirira kuunika mapulani, yomwe imatengera kukula ndi mtundu wa chomangacho. Lipirani pakauntala kapena kubanki imene khonsolo yatchula, mulandire lisiti ndi nambala ya fayilo. Madobadoba olonjeza chidindo cha mawa m'mawa atalikireni. Chidindo chopanda fayilo m'kaundula ndi inki chabe, ndipo tsiku lovuta wopalamula mudzakhala inu.

Kudikira komiti

Fayilo imazungulira kwa a mapulani a mzinda, mainjiniya, a zaumoyo ndi ozimitsa moto, kenako imakafika kukomiti yoona za mapulani, yomwe imakhala pa masiku ake. Funsani tsiku la msonkhano wotsatira ndi tsiku lomaliza kulandira mafayilo, chifukwa kuphonya ndi tsiku limodzi kukhoza kukudikiritsani mpaka msonkhano wina. Komiti ikhoza kuvomereza, kuvomereza ndi mfundo zoti mutsatire, kubweza kuti mukonze, kapena kukana. Kubwezedwa si kukanidwa: tengani ndemangazo kwa wojambula, akonze, mubwezenso. Akakana, pemphani zifukwa zolembedwa, popeza lamulo limakupatsani mwayi wochita apilo.

Ntchito zikuluzikulu monga fakitale, hotela kapena nyumba zambiri pamalo amodzi zimadutsanso ku Malawi Environment Protection Authority, pansi pa lamulo la zachilengedwe la 2017, ndipo malo omwetsera mafuta amafunanso chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi. Yambani zimenezi msanga chifukwa zimatenga nthawi.

Pomanga

Werengani kalata ya chilolezo yonse, kuphatikizapo nthawi imene mwapatsidwa kuti muyambe ntchito. Ikadutsa muyenera kupempha kuti ayiwonjezere. Kope imodzi ya mapulani odindidwa izikhala pamalo omangira, yokutidwa mu pulasitiki. Kontilakitala akhale wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, lomwe ambiri timalidziwa kuti NCIC. Pa nyumba zamalonda ndi za mabungwe, malamulo a 2018 amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni, choncho werengerani mabuloko a simenti.

Itanani woyendera wa khonsolo mukangokhoma zikhomo ndi kukoka zingwe, komanso maenje a maziko akakumbidwa konkire isanathiridwe. Mmisiri akanena kuti "bwana, tingowonjezera mita imodzi kuno, palibe angaone," mukanireni. Kusintha kulikonse kwakukulu kubwerere kukhonsolo pa pepala. Ntchito ikatha, pemphani kuti adzayendere komaliza ndi kukupatsani satifiketi yolowera m'nyumba. Mabanki ndi ogula nyumba osamala amafunsa mapepala amenewa.

Ngati munamanga kale popanda chilolezo

Musadikire kalata yoimitsa ntchito kapena yogumula. Pezani wojambula ayeze nyumbayo momwe ilili, ajambule, mupite nazo nokha kukhonsolo pamodzi ndi zikalata za malo. Yembekezerani kulipira chindapusa, mwinanso kuuzidwa kuti mugwetse khonde kapena mubweze mpanda m'kati. Nyumba imene ili pa puloti yovomerezeka nthawi zambiri imakhala ndi pokonzera. Imene ili mumsewu, pansi pa nthambo zikuluzikulu za magetsi kapena m'khwawa siingalandire chilolezo, ndipo ndalama zimene mukanathira pamenepo ndi bwino muyambe kusungira malo ena.