Pulaima ya m'chitini: palani kaye musanagule

Ambiri akafuna kukonza pamene galimoto yakalika kapena payamba dzimbiri, amangotola chitini chilichonse cha pulaima (penti yoyambirira yoyala pansi pa penti yeniyeni), bola chikhale chotuwa. Ine ndimati palani kaye pamalopo ndi sandipepa, muone chimene chatulukira pansi. Chimenecho ndicho chikuuzeni chitini choti mugule.

Mukapala mpaka kufika pa chitsulo chonyezimira, mukufunika etch primer. Muli asidi pang'ono amene amaluma chitsulo, n'chifukwa chake imagwira ngakhale pa aluminiyamu pamene zina zimamatuka. Anaipanga yopyapyala dala, ndiye poperani mopepuka, osaunjika. Fila, phala lomatira pamene chitsulo chalowa, musamate pamwamba pake, sizigwirizana ndi asidiyo. Fila iyambe kulowa pa chitsulo, kenako etch ipite pa chitsulo chotsala m'mphepete.

Imene imanditengera nthawi kwambiri ndi high-build, ena amati filler primer. Ndi yokhuthala, ntchito yake ndi kukwirira timizere ta sandipepa ndi timaenje tating'onoting'ono. Koma musaisenzetse katundu woposa msinkhu wake. Mukasiya mizere ya sandipepa yokhakhala ya P80 (nambala ikamakwera, sandipepa imasalala) n'kuikwirira ndi pulaima, tsiku limenelo pamaoneka bwino ndithu. Pakapita masabata, thina yense (mankhwala osungunulira penti) akauluka, pulaima imafota, mizere ija n'kutulukira pansi pa penti yanu yonyezimira. Choncho fila isalazeni ndi P180, m'mphepete mwa penti yakale mudutse ndi P320 mpaka chala chisamve polekezera. Poperani kawiri kapena katatu, kudikira mphindi 5 mpaka 10 pakati pake. Ikauma, wazani penti yakuda pang'ono chabe, timadontho tokha, n'kupala ndi P400 mutakulunga pa kathabwa kosalala. Pamene pakutsala kuda, dziwani kuti palowa. Ngati penti yomaliza ndi metallic, malizani ndi P600, chifukwa imaulula kamzere kalikonse.

Bampala ndi nkhani ina. Suzumirani kuseri kwake. Mukaona chizindikiro cha >PP<, pulasitiki imeneyo penti siigwira yokha. Yambani ndi adhesion promoter, mankhwala othandiza penti kugwira pa pulasitiki, apo ayi zonse zidzasendeka ngati khungu la njoka.

Pali china chimene ambiri sachidziwa. Pulaima wamba ya 1K (yopanda hadina, mankhwala olimbitsa) imamwa chinyontho. Mukaipopera n'kumayenda nayo galimoto pamvula osapaka penti, dzimbiri limayambiranso pansi pake. Ngati mukudziwa kuti penti ichedwa, kapena pamalopo panali dzimbiri, gulani pulaima ya epoxy ya 2K, yokhala ndi hadina. Chitini chake chili ndi batani pansi. Mukalidina, hadina amasakanikirana ndi pulaima m'katimo, ndipo kuyambira pamenepo chimakhala ndi nthawi yake yolembedwa pachitinipo, kenako chimalimba. Musadine ntchito isanakonzeke. Ndi yodula kuposa zinazo, koma pa chitsulo chimene chinadyekapo ndi dzimbiri sindiika china. Valani chophimba kumphuno chokhala ndi zosefera mpweya, osati kansalu.

Mtundu nawo uli ndi ntchito. Yoyera ipite pansi pa penti yoyera, yachikasu kapena yofiira yowala. Yakuda pansi pa penti yakuda. Yotuwa imagwirizana ndi mitundu yambiri yotsalayo. Ngati n'kotheka pulaima, penti ndi kiliya (vanishi wopopera pamwamba pa penti) zikhale za kampani imodzi. Ngati simukudziwa penti imene ili pagalimotopo, yesani pamalo obisika, monga m'kati mwa chitseko. Thina wamphamvu akakumana ndi enamel yakale amaikwinyitsa pomwepo.

Tsiku lopopera, pukutani ndi mankhwala ochotsa girisi, ndipo musakhudzenso ndi manja. Khutchumulani chitini mphindi 2 kuyambira pamene kampira kam'kati kayamba kulira. Chitini chitalikire masentimita 20 mpaka 25, muyambe kudina musanafike pamalopo n'kusiya mutadutsa. Mukamaliza, zondotsani chitini n'kudina mpaka patuluke mpweya wokha, kuti kabowo kasatsekeke.