Mpando wa mwana m'galimoto umangidwe zolimba

Makolo anzanga a kuno ku Harare, kugula mpando wa mwana n'kwabwino, koma ukamangidwa molobodoka suteteza kanthu. Ambirife timayendera Honda Fit kapena Vitz zochokera ku Japan, ndipo zambiri zili ndi ISOFIX, tizitsulo tiwiri tobisika pampata wa pokhalira ndi potsamira, kumpando wakumbuyo. Pisani dzanja pamenepo, mutipeza. Kankhani mpando wa mwanayo mpaka zogwirira zake zilire kuti zakola.

Ngati tizitsuloto mulibe, dutsitsani lamba wa galimoto m'njira yojambulidwa pampandopo, muutsindire ndi bondo uku mukukoka lambayo. Kenako ugwedezeni pomwe padutsa lamba: usasunthe kupitirira masentimita 2.5. Misewu yathu ili ndi maenje, choncho muziyang'ananso pafupipafupi.

Khanda liziyang'ana kumbuyo kufikira miyezi 15, ngakhale kupitirira apo. Mpando woterewu musauike kutsogolo komwe kuli airbag (thumba la mpweya lomwe limafufuma pangozi), chifukwa ikaphulika imamenya cha kumutu kwa mwana.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kuzizira kwa Juni ndi Julayi. M'mawa timamuveka mwana jekete lochindikala, malamba a mpandowo n'kumanga pamwamba pake. Pangozi jeketelo limaphwafuka, malamba amatsala okhwepa. Muvuleni kaye, mangani mpaka zala zanu zilephere kutsina lamba paphewa pake, bulangeti mum'funditse pamwamba.

Mukamagula mpando wakaunjika kumsika wa ku Mbare, funsani ngati unachitapo ngozi, muonenso ming'alu pansi pake. Mwana muzimukweza ndi kumutsitsa pachitseko chakumanzere, kutali ndi magalimoto odutsa.