Kadamsana wa dzuwa wa 2030: momwe mungamuonere popanda kuononga maso kapena kutsekeka pamsewu

Amene anali ku Lusaka pa 21 June 2001 amakumbukirabe masana aja. Nthawi itangodutsa 3 koloko, kunja kunada ngati madzulo kwa mphindi zitatu, mbalame zinakhala chete, anthu anakuwa. Ameneyo ndiye kadamsana wathunthu, pamene mwezi umaima pakati pa ife ndi dzuwa n'kuliphimba lonse. Izi zimatheka chifukwa ngakhale dzuwa ndi lalikulu kuwirikiza pafupifupi 400 kuposa mwezi, lilinso kutali kuwirikiza pafupifupi 400, ndiye tikayang'ana tili pansi pano zimaoneka zofanana kukula.

Mwayi umene ukubwera kumwera kwa Africa kuno ndi Lolemba pa 25 November 2030, cha m'ma 7 koloko m'mawa. Mthunzi udzalowera ku Namibia, kudutsa Windhoek, kumwera kwa Botswana, South Africa ndi Lesotho, n'kutulukira kunyanja cha ku Durban. Abale athu amene ali kumeneko, nkhaniyi ndi yanu.

Choyamba, dziwani poima

Mthunzi wathunthu ndi kamzere kosafika makilomita 200 m'lifupi. Ali kunja kwa kamzereka, monga a ku Johannesburg kapena kuno kumudzi, adzangoona dzuwa litalumidwa mbali. Musanyengedwe ndi oti kwathu lidzaphimbika pafupifupi lonse. Kachidutswa kotsalako kamawala kwambiri moti nyenyezi sizituluka ndipo mphete yoyera yozungulira dzuwa sioneka. Pezani mapu a kadamsanayu pa intaneti, musankhe malo a pakatikati pa mzere, chifukwa m'mphepete mdima umatha musanatsegule n'komwe pakamwa. Ngakhale pakatipo, mu Africa muno sudzafika mphindi zitatu.

Ganiziraninso za mitambo. November ndi nyengo ya mvula, ndipo kugombe la Durban kumachita mitambo kawirikawiri kusiyana ndi madera ouma a ku Namibia ndi Botswana. Ine nditakhala ndi galimoto ndingalowere kumadzulo.

Chachiwiri, maso

Apa ndiye pofunika kudekha. Mkati mwa diso, pamene kuwala kumafikira, simumva ululu. Munthu akhoza kupsa diso osadziwa, n'kudzazindikira patapita maola kuti pakati pa chilichonse chimene akuyang'ana pali kadontho kakuda. Nthawi zina kamatha, nthawi zina kamakhala mpaka kalekale.

Gulani magalasi opangidwira kadamsana, olembedwa ISO 12312-2. Mukawavala m'nyumba musaone kanthu kupatula mwina babu lowala kwambiri. Mukaona mipando ndi nkhope za anthu, tayani, ndi achinyengo, ndipo oterewa amachuluka tsiku likayandikira. Okandika kapena obooka nawonso ayi. Galasi la owotcherera zitsulo la nambala 14 limathandiza. Koma magalasi wamba a dzuwa, ngakhale mutasanjikiza awiri, galasi lodetsedwa ndi mwaye wa nyali, filimu ya X-ray, kapena kuonera m'beseni la madzi monga tinkachitira tili ana, zonsezi sizikutetezani.

Ngati magalasi mulibe, boolani katoni ndi phini, mufulatire dzuwa, kuwala kodutsa pabowopo kugwere papepala loyera. Mudzaona chithunzi cha dzuwa chikudyeka pang'onopang'ono. Pansi pa mtengo wamasamba zimachitika zokha, pansi ponse pamadzaza timiyezi ting'onoting'ono. Ana amakondwera nazo kwambiri, ndipo zimawathandiza kuti asamangoyang'ana kumwamba.

Magalasi muvule pokhapokha dzuwa litaphimbika lonse. Kadontho kowala kakangotulukira m'mphepete, valaninso msanga. Chipangizo choonera patali kapena kamera yokoka zimafuna sefa yakeyake yochepetsa kuwala kwa dzuwa kutsogolo. Kusuzumiramo mutangovala magalasi a kadamsana n'koopsa, chifukwa kuwala kosonkhanitsidwako kumawaboola.

Chachitatu, chinamtindi cha anthu

Anthu amachokera kutsidya kwa nyanja kudzaona zimenezi, ndipo onse amathamangira kamzere kamodzi komweko. Ku America mu 2017 misewu ina inadzaza kwa maola ambiri kadamsana atangotha, chifukwa aliyense ananyamuka nthawi imodzi. Malo ogona amatha miyezi yambiri tsiku lisanafike ndipo mitengo imakwera. Ngati muli ndi mbale wokhala mumzeremo, yambani kumuyimbira foni panopa.

Poti ndi m'mawa, ndiponso Lolemba pamene ena akupita kuntchito, musadalire kunyamuka mbandakucha. Kagoneni komweko Lamlungu. Thirani mafuta odzaza dzulo lake, tengani madzi akumwa, kamba wapaulendo, mankhwala anu ndi ndalama zapamanja. Pamene pasonkhana anthu ambiri netiweki imavuta, ndiye sungiranitu mapu mufoni ndipo gwirizanani malo okumanirana wina akasochera. Ana aang'ono muwalembere nambala ya foni pakapepala m'thumba. Odutsa m'malire aonetsetse kuti pasipoti ndi mapepala a galimoto zili bwino, chifukwa mizere idzatalika.

Dzuwa lidzakhala lisanakwere kwambiri, choncho sankhani malo oti kum'mawa kulibe phiri kapena nyumba zazitali. Musaime m'mphepete mwa msewu waukulu, ndipo musalowe m'munda mwa eni osapempha.

Nthawi ikakwana

Foni ikani m'thumba. Zithunzi za foni zimangotuluka kadontho koyera, ndipo mukamalimbana nayo mphindi ziwirizo zapita. Mverani kuzizira, yang'anani nkhuku ngati zilipo, onani m'mphepete mwa thambo momwe mukufiirira mbali zonse.

Kukawalanso musathamangire galimoto. Mwezi umatenga ola lina kuti uchokeretu padzuwa. Yalani chitenje, tsegulani fulasiki ya tiyi, othamangawo ayambe atsekerezana okha pamsewu.