Momwe mungadzutsire Game Boy yakale kuno kuchigwa cha Shire

Game Boy ndi kachipangizo kam'manja kosewerera magemu, ndipo n'kouma mutu. Kampani ya Nintendo ya ku Japan inayitulutsa mu 1989, koma mpaka lero zambiri zimayaka mukangoikamo mabatire. Zimene zimapezeka kuno ndi zija achibale anabwera nazo kuchokera ku Joni, kapena zotuluka m'milu ya zidole za pakaunjika. Yanga ndinaitola pamsika wa Nchalo ili pakati pa mafoni akufa, wogulitsa akulimbikira kuti ndi kakyuleta. Ukalamba wokha suipha. Kuno kuchigwa imaphedwa ndi mabatire oiwalidwa m'kati, kutentha ndi madzi, ndipo zambiri mwa izi zimakonzeka musanagwire soldering iron, kachitsulo kotentha kosungunulira mtovu.

Yambani mwadziwa mtundu umene muli nawo. Yoyambayo ndi yaikulu ngati njerwa, kumbuyo kwake kwalembedwa DMG-01, ndipo imadya mabatire anayi a AA, onse pamodzi mavoti 6. Game Boy Pocket ya 1996 imalowa awiri a AAA, pomwe Game Boy Color ya 1998 ndi Game Boy Advance ya 2001 zimalowa awiri a AA. Ndikamba za yaikuluyo, koma kayeretsedwe n'kofanana. Musayese kubayapo tchaja chilichonse chimene mwapeza m'nyumba poti mutu wake walowa. Mavoti akasiyana, kapena pulasi ndi mainasi zikasinthana, mwaiwotcha isananene kanthu.

Konzani mswachi wakale, thonje (kuno sitisowa), timitengo totokosera m'mano, sipiriti woyera wa ku famase, soda wophikira ndi ndimu. Sipiriti wofiirira uja amasiya utoto, ndipo kachasu, ngakhale wa mutu weniweni, ali ndi madzi ambiri. Mufunikanso sikuludiraiva ya mano atatu, chifukwa masikulu ambiri a Nintendo mutu wake uli ngati chilembo Y. Anyamata okonza mafoni pa Dyeratu kapena pa Ngabu akhoza kukubwerekani. Ikasowa, tumani wopita ku Limbe.

Choyamba, tsegulani malo a mabatire. Apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa, poti malangizo ofala amangoti thirani viniga. Viniga kapena madzi a ndimu amathandiza ngati mabatire amene anaphulikamo anali a alkaline, aja amasiya zoyerayera zouma ngati mchere. Koma mabatire otchipa amene timagula pa okala kuti tiike m'tochi ndi m'wailesi kawirikawiri ndi a zinc-carbon, ndipo madzi amene amatuluka mwa iwo ali kale ndi asidi. Amenewa amasiya dzimbiri lofiirira lonyowanyowa. Kuthirapo ndimu n'kuwonjezera nkhuni pamoto. Pamenepo sungunulani soda pang'ono, mupake ndi mswachi, mupukute. Ngati batire lakale likadalimo, werengani zolembedwapo musanalitaye, ndipo musambe m'manja mukatha. Tizitsulo tina togwira mabatire timatuluka mukakankha kamano kake, ndiye mukhoza kutikwecha panja mpaka titawala. Malizani ndi sipiriti kuti pasatsale chinyezi.

Ikani mabatire atsopano, lowetsani kaseti ya gemu, kankhani switchi ili pamwamba. Kanyali kofiira kakayaka koma sikirini ili mbee, musafulumire kudandaula: zunguzani kagudumu ka kumanzere, kamene kamachititsa chithunzi kuda kapena kuwala. Ka kumanja ndi ka mawu. Ikakhala bwino, dzina la Nintendo limatsika kuchokera pamwamba kenako kumveka kabelu. Pakatsika kachidutswa kakuda m'malo mwa dzinalo, makina ali moyo koma sakuona kaseti. Dzina likatuluka lophwanyikaphwanyika, mano a kaseti ada. Tonse tinakula tikuuzira mpweya m'kaseti, koma malovu ndi amene amadyetsa manowo dzimbiri. Nyowetsani thonje ndi sipiriti, mupukute mano agolidewo mpaka thonje lisiye kuda. Mukatero ilowetseni ndi kuitulutsa kangapo ikadali yonyowa pang'ono, makina ali ozima, kuti iyeretsenso m'kati momwe imalowamo.

Ikakanabe, kapena mabatani ngati sakumva, ndiye itseguleni. Chotsani mabatire. Masikulu ndi asanu ndi limodzi, anayi panja, awiri obisala m'malo a mabatire. Aikeni m'kambale, chifukwa akagwera pansi pa dothi simuwaonanso. Potsegula musakoke ngati mukusenda chinangwa: mbali ziwirizo zalumikizidwa ndi kalamba kopyapyala kamene kamanyamula chithunzi. Kagwireni m'mbali zonse ziwiri, mukasolole pang'onopang'ono. Mudzapezamo zodabwitsa. Mwa yanga munali mazira a mphemvu ndi fumbi lokwana kudzala therere.

Masulani bolodi yakutsogolo, kathabwa kokhala ndi tizipangizo ta magetsi, kuti mufike pa mabatani. Pansi pa batani lililonse pali kalabala kokhala ndi kadontho kakuda, ndipo kadonthoko ndi kamene kamagunda bolodi. Pukutani pabolodipo ndi sipiriti, kadonthoko mungokasisita mopepuka. Mu switchi donthezanimo sipiriti, muikankhe uku ndi uku kambirimbiri. Chikuto cha pulasitiki chokha, mutachotsamo zonse, chitsukeni ndi sopo.

Za madzi ndiyenera kukhalitsapo. Amene anaona madzi osefukira a mu January 2015, a namondwe Ana mu 2022 kapena Freddy mu 2023 akudziwa kuti matope a Shire ndi Ruo amalowa ngakhale m'chikwama chotseka. Chipangizo chimene chinamira musachiyatse kuti muone ngati chili moyo, chifukwa magetsi akadutsa pa bolodi ya matope amawononga zomwe madzi anasiya. Chitseguleni, chotsani matope ndi mswachi ndi sipiriti, chiume pamthunzi masiku awiri kapena atatu. Ndipo musatsukire madzi a pamjigo. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje madzi ake ndi amchere, ndipo mcherewo ukauma umatsala pa bolodi n'kumakoka chinyezi. Ngati matope ali ouma gwa moti pafunika madzi, gulani aja othira m'batire ya galimoto, osati asidi, madzi oyera okhawo. Sikirini isalowe m'madzi.

Tsopano sikirini. Mizere yoyera yoimirira, yochoka pamwamba kufika pansi, ndi matenda odziwika a DMG-01, ndipo amachira. Munsi mwa galasi muli kalabala kakuda kotalika. Kachotseni, muona kalamba kabulauni. Lumikizani mbali ziwiri zija, bwezeranimo mabatire, yatsani, zunguzani kagudumu mpaka sikirini yonse ide kuti mizere ioneke bwino. Yendetsani nsonga ya soldering iron pa kalambako, pansi pa pomwe pali mzere, osaimitsa malo amodzi. Mizere imayamba yachuluka, musaope. Dikirani pazizire, imachepa yokha, ndipo mubwereze mpaka yonse ithe. Ine tsiku loyamba ndinaimitsa dzanja poyankha moni wa mlendo, kalamba kanapsa, ndipo mzere umenewo ulipobe. Ngati kwanu kulibe magetsi a ESCOM, pitani nayo kwa wokonza mafoni mumuonetse pochita, koma asagwiritse makina aja ouzira mpweya wotentha. Mizere yopingasa isiyeni. Kalamba kake n'kosalimba ndipo ambiri oyesa amangoipha.

Vuto lina ndi lathu lenileni la kuno kotentha. Pakati pa sikirini pamaoneka chibanga ngati papsa, ndipo mukanunkhiza pamamveka viniga. Galasi silinafe, ndi kapepala kapulasitiki komatidwa pamwamba pake kamene kaola ndi kutentha ndi chinyezi. Kamasendeka ndi lezala, guluu wake n'kumuchotsa ndi sipiriti moleza mtima. Katsopano, kotchedwa polarizer, muyenera kuitanitsa pa intaneti, ndipo musanakadule kazunguzeni pa sikirini yoyaka mpaka chithunzi chioneke bwino. Aliponso masikirini atsopano owala usiku, koma ndi okwera mtengo, ndipo kwa ine mtundu wobiriwira uja ukachoka chatsala si chimene ndinkafuna.

Gemu ikamaiwala pomwe munalekezera, vuto lili m'kaseti. Makaseti osunga masewero ali ndi kabatire kozungulira ka mavoti 3, CR1616 kapena CR2025, komatidwa ndi mtovu, ndipo kakatha kamafuna kusintha. Kaseti ya gemu ya Tetris ilibe kabatireka, n'chifukwa chake siivuta.

Mukabweza zonse, samalani posunga. Mu October ndi November, pamene kuno kumapyola madigiri 40, pansi pa denga la malata kapena m'galimoto yotseka ndi ng'anjo. Ikani m'kabokosi kotseka pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'nsapato zatsopano, ndipo dzinja likayandikira mukweze pamwamba pamene mumaika ziphaso. Mabatire muzichotsa nthawi zonse mukatha kusewera. Otchaja a mavoti 1.2 amagwira bwinobwino ngakhale anayi amangokwana 4.8, ndipo ine ndimatchajira pa sola yomwe timaunikira usiku.